Palibe Amatsegula Zobiriwira

1

Dzina langa ndine Tikhala, wa ku Mbombwe kuno ku Chiradzulu. Ngati munamvapo za mayi wina amene anaima kutsogolo kwa mpingo ndi chimimba chake n'kunamiza makolo onse, mayi ameneyo ndine. Nkhaniyi yayenda mokwanira m'maminibasi a ku Limbe, aliyense akuthirako mchere wake. Lero mundimvere ine mwiniwake.

Ntchito yanga ndi yoyesa masamba a pa intaneti asanaperekedwe kwa anthu. Amayi anga amati ndimalipidwa chifukwa chotola zifukwa, ntchito imene akuti ndinaiyamba ndili wakhanda. Sakunama kwenikweni. Anzanga akamanga tsamba, ine ndimalemba malangizo a loboti. Musaganize za chinthu cha manja ndi miyendo ayi, ndi pulogalamu chabe ya mu kompyuta. Imatsegula tsambalo yokha ngati munthu, kulemba dzina, kudina mabatani, ndipo paliponse pamene yadutsa imajambula chithunzi. Ikamaliza, zotsatira zimatumizidwa pa kilaudi, nkhokwe ya pa intaneti imene abwana, anzanga a ntchito ndi eni tsamba amaona onse. Chimene chayenda bwino chimaoneka chobiriwira, chimene chalephera chimaoneka chofiira. Pamwamba pa zonsezo pamakhala dzina la woyesa, chifukwa zotsatira zimalowa ndi kiyi wake wachinsinsi.

Woyesa alibe katundu wina, ndi dzina lake basi. Akati "Tikhala wayesa", anthu ankasiya kuda nkhawa. Ndinkanyadira zimenezo, sindibisa.

Mwamuna wanga Milton ndiye ankatsogolera gulu lathu pa kakampani kena ku Limbe. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi, ndiye anamanga nyumba pamalo a amayi anga, kumunsi kwa munda wa nandolo. Anali munthu waulemu, wakumwa madzi atagwada, ndipo azimayi a kutchalitchi ankandiuza kuti ndinatola mwayi.

Ndiye panali Lisa, mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi. Kompyuta ndinamuphunzitsa ndine, pa laputopu yanga yomwe. Ntchito ndinamupemphera ndine kwa abwana athu a Ishmael, ndipo anamulemba mongomuyesa kaye. Ankakhala ku Limbe, Loweruka n'kumabwera kumudzi.

"Wafika mkazi wanga wamng'ono!" Milton ankafuula choncho akamuona akutsika kabaza.

"Alamu inu, mbuzi ya chinkhoswe ili kuti?" Lisa ankayankha.

Tonse tinkaseka, ngakhale amayi. Ndi chilamu, ndani sachidziwa? Ine ndinkaseka kuposa onse.

2

Chaka chimenecho tinapatsidwa ntchito yomanga tsamba la bungwe lina lothandiza ana ndi fizi ya kusekondale. Mwana alembe dzina lake, aike chithunzi chake, adine batani lotumizira, basi. Asavutikenso ndi ulendo wa ku tauni.

Ine ndinali woyembekezera, miyendo itatupa ngati mitondo. A Ishmael anandilola kugwirira ntchito kunyumba. Koma netiweki ya kwathu, abale! M'nyumba munalibiretu. Ndinkanyamula mpando ndi laputopu kupita pachulu cha kuseri kwa khola, n'kukhala pamenepo ngati wolondera anyani. Kuyesako kunkatheka, mwapang'onopang'ono. Koma kutumiza zithunzi zonse zija pa kilaudi kunkakanika ndithu.

"Uzingondiikira mu fulashi," Milton anatero. "Ndizikatumiza ku ofesi. Ungondipatsa kiyi wako."

Lamulo la kuntchito limaletsa kupatsana kiyi. Koma munthu amene mumafunda naye bulangete limodzi mungamukanize chiyani? Ndinamupatsa.

Pali kanthu kena kamene ndiyenera kukuuzani. Popeza tsamba lija linkafuna chithunzi cha mwana, loboti nayo inkayenera kuikapo chithunzi. Mwaulesi wanga, ndinangoilamula kuti izitola chithunzi chilichonse chatsopano chimene yapeza mu kompyuta. Pa laputopu yanga chinali cha mbuzi ya amayi ikudya makoko a nthochi. Anzanga akatsegula zofiira kuti aone chalakwika, ankakumana ndi mbuziyo. Inatchuka ku ofesi konse kuti ndi mbuzi yokonda sukulu, yapempha fizi kosaleka.

Kutatsala masiku ochepa kuti tsamba litsegulidwe, loboti inandibweretsera chofiira. Ndinabwerezanso, chofiira chomwecho. Tsamba linkalemba bwinobwino kuti "Pempho lanu lalandiridwa", koma ukayang'ana kumene mayina amakasungidwa, dzina kulibe. Netiweki ikakhala yofooka, pempho linkathera m'njira, tsamba n'kumanama kuti lafika. Gawo limenelo anamanga ndi Lisa.

M'mawa mwake ndinkasita malaya abuluu a Milton kwinaku ndikumufotokozera. Kakhala kamoto kanagwa kuchokera m'simbi n'kuboola pang'ono pakolala.

"Taona zimene wachita," anatero akuseka. "Ukuganiza za loboti m'malo mwa mwamuna wako."

"A Milton, si zoseka izi. Ana a ku tauni zidzawayendera, koma a kumudzi kuno onse adzagwa. Ndiye amene akufunika thandizolo."

"Ndamva, Tikha. Bweretsa fulashiyo. Ndikamukhazika pansi Lisa akonze lero lomwe."

Tsiku limenelo sanabwere, anati ntchito yachuluka agona ku Limbe kwa mnzake. Anafika mawa lake atavala malaya ena.

"Abuluu aja ali kuti?"

"Ndawathira tiyi, ali ku ofesi. Koma nkhani yabwino ndi yakuti Lisa wakonza. Zonse zili bwino tsopano."

Ndinapuma mpweya wautali. Mumtima ndinati ndiyesanso ndekha Lolemba.

3

Lamulungu abusa anandiitana kutsogolo itatha nyimbo ya chopereka.

"Mwana wathu Tikhala ali ndi uthenga wa makolo," anatero.

Ndinaima pamenepo, dzanja limodzi lili m'chiuno chifukwa cha msana, n'kufotokoza zonse. Ndinati musawononge ndalama za minibasi kukapereka mapepala ku tauni, foni iliyonse ya intaneti ikwanira. Ndinati tsamba likalemba kuti pempho lalandiridwa, mugone tulo.

Kumbuyo kunaimirira mayi wina wamfupi, a Mervis, amene amagulitsa tomato ndi mpiru pamsewu. Mwana wawo Yunis anali atasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, woyamba m'banja lawo lonse.

"Pepani abusa, ndifunse nawo. Zamafonizi ife sitizidziwa. Ine ndimati ndikwere ndikapereke pamanja. Kodi mwaziyesa ndithu, a Tikhala?"

"Ndayesa ndekha, mayi. Musavutike."

"Basi, mwatero inu ndakhulupirira," anatero n'kukhala pansi.

Anthu anaomba m'manja. Milton anali pabenchi la azibambo, akumwetulira, akuomba nawo. Uthenga unafika mpaka ku Ndunde ndi kwa Nchema, ana ankabwera kudzabwereka foni kwa aphunzitsi ndi kwa ogulitsa mayunitsi.

Lolemba lija silinandipeze pachulu. Linandipeza kuchipatala, ndikukuwa dzina la amayi anga. Mwana wathu Blessings anabadwa wonenepa, makutu ngati a bambo ake. Masabata otsatirawo ndinaiwala kuti padziko pali kompyuta. Ndinkangodziwa matewera, phala ndi tulo tosakwanira. Lisa anabwera ndi beseni latsopano ndi tizovala, anamunyamula mwanayo n'kulira. Ndinkati ndi chimwemwe.

4

Mayina a ana opatsidwa thandizo atatuluka, munalibe mwana ndi mmodzi yemwe wa kumudzi. Onse anali a ku Blantyre ndi ku Zomba. A bungwe atafufuza anapeza kuti mapempho a kumidzi sanafike n'komwe, ndipo malo anali atadzaza kale.

A Ishmael anandiimbira foni. Mawu awo anali ozizira.

"Mayi, pepani kukuvutitsani muli ndi khanda. Mawa mubwere ku ofesi."

Ndinamudikira Milton pakhonde, mwana ali kubere. Atangondiona anadziwa. Anagwada pansi, munthu wamkulu, thalauzi la ku ofesi lili m'fumbi.

"Tikha, ndinalakwa. Lisa sanakonze kanthu, sindinamuuze n'komwe. Nthawi inali itatha, a bungwe akutikakamiza. Ndinayesanso ndekha pa kompyuta yanga ku ofesi, zonse zinadutsa. Ndinati ndi netiweki ya pachulu chabe. Ndiye ndinatumiza zobiriwirazo."

"Ndi kiyi wanga?"

Anangowerama.

"A Milton! Ndinakuuzani ndi pakamwa panga kuti vuto ndi netiweki yofookayo! Mwandiimika kutsogolo kwa mpingo, inu mukuomba m'manja?"

"Ndikudziwa, mayi a Blessings, ndikudziwa. Koma tamvera. Ndikaulula mawa, atichotsa tonse awiri, iwe chifukwa chopereka kiyi, ine chifukwa cha zimenezi. Mwanayu adya chiyani? Koma iwe akumvera chisoni, aziti unali wotopa ndi pakati. Ungokhala chete. Zikazizira ndikakuchonderera ubwerere. Tichitire banja lathu."

Ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana bambo ake ali chigwadire. Mkwiyo unalipo, koma chikondi chinali chikadalipo nachonso. Ndinavomera.

Ku ofesi a Ishmael anaonetsa zotsatira zija pa sikirini yaikulu ya pakhoma. Mzere wobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzina langa lili pamutu pake.

"Izi ndi zanu, mayi?"

"Dzinalo ndi langa, bwana."

"Ndiye munayesera pa netiweki yofooka monga timachitira?"

Ndinakhala duu. A Ishmael anatembenukira kwa Milton.

"Ine ndimangolandira zimene woyesa wanena, bwana," Milton anatero, maso ali patebulo.

A Ishmael anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Ine ndinkati mukayesa inu ndiye kuti zatha. Mwandikhumudwitsa, mayi. Siyani laputopu ya kampani. Mukhale kaye kunyumba mpaka tikuitaneni."

Potuluka ndinapeza Lisa pakhonde akulira mosisima. Ndinamukumbatira, ine wochotsedwa ntchito, mkaka ukudontha m'bulauzi.

"Usalire, mwana wa amayi. Si mlandu wako. Wolakwa ndi woyesa amene sanaone. Gwira ntchito yako mwamphamvu."

"Achemwali, pepani," ankangobwereza. "Pepani, achemwali."

5

Ku ofesi akakuchotsa umachoka n'kupita kwanu. Nanga kwanu akakuchotsa upita kuti?

Kumjigo azimayi ankasiya kulankhula ndikafika. Kutchalitchi benchi langa linayamba kukula, anthu akusunthira uko. Dzina langa linatha, ndinasanduka "aja a pa intaneti". Ena ankati ndinagulitsa malo a ana athu kwa anthu a ku tauni. Mnyamata wina wa kabaza anandifunsa pagulu ngati pempho lake lokwatira lalandiridwa, anzake n'kufa nacho chiseko. Ndinkangomeza. Milton ankabwera ndi chipisi ndi yogati, n'kumandisisita paphewa kuti ndine mkazi wolimba mtima.

Tsiku lina masana ndikuyanika matewera, ndinaona a Mervis akulowa pabwalo. Ndinakonzeka kutukwanidwa. Koma iwo anakhala pamkeka, anapempha mwana n'kumunyamula.

"Yunis akupita ku Bangwe kukagwira ntchito ya m'nyumba," anatero mwakachetechete. "Mayi wina wamufuna. Mabuku ake wapatsa anzake."

Ndinasowa poyang'ana.

"Sindinabwere kudzakangana, mayi a Blessings. Koma usiku sindigona. Ndinali nditagwira kale ndalama ya minibasi m'manja, inu n'kundibweza. Ndiye ndati mundionetseko chimene munaona inu kuti muime kutsogolo kuja. Ndione nane ndi maso angawa, kapena mtima ukhala pansi."

Ndikanawauza chiyani? Ndinatenga foni, tinapita pachulu. Ndinkaganiza kuti anandichotsa kale pa kilaudi, koma ayi, khomo linali likadali lotsegula. Mzere wobiriwira uja unabwera.

"Ndi zimenezi, mayi. Chobiriwira ndiye kuti zinayenda."

"Aaa, ndi utoto chabe? Mkati mwakemo muli chiyani?"

Mukudziwa, pa ntchito yathu palibe amatsegula zobiriwira. Chofiira ndiye timachithamangira, timachisanthula, timaona zithunzi zake chimodzichimodzi. Chobiriwira timangochidutsa. Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi sindinaonepo munthu akutsegula chobiriwira. A Ishmael sanatsegule, a bungwe sanatsegule, inenso amene. Anafunsa ndi mayi wogulitsa tomato, chifukwa sankadziwa kuti sitifunsa.

"Muli zithunzi za mmene loboti inayendera," ndinatero. "Dikirani muone."

Ndinadina. Chithunzi chinayamba kutseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba, monga imachitira netiweki yathu. Mutu wa tsamba, dzina lopeka la mwana, kenaka kabokosi ka chithunzi. Ndinkadziwa kuti mbuzi ya amayi simukhala, popeza Milton anati anayesera pa kompyuta yake. Ndinkayembekezera galimoto kapena timu yake ya mpira.

Munatuluka tsitsi loluka. Kenaka chipumi chimene ndinkachipaka mafuta chili chaching'ono. Lisa, atakhala pabedi la malo ogona alendo, akudzijambula yekha, akuseka. Anavala malaya aamuna abuluu, mabatani osamanga, kabowo kopsa kali pakolala. Kumbuyo kwake Milton, chifuwa chili pamtunda, chibwano atachitsamiritsa paphewa la mng'ono wanga.

"Mayo ine," a Mervis anagwira pakamwa. "Kodi ameneyu si Lisa? Nanga awa si bambo a kwanu?"

Sindinalire. Mutu wanga wa woyesa unayamba kugwira ntchito wokha. Loboti imatola chithunzi chatsopano cha mu kompyuta imene ikuyendamo. Ndiye kuti sanayesere ku ofesi, anayesera pa laputopu ya Lisa, pa intaneti yothamanga ya kumalo ogonako, tsiku lomwe ndinasita malaya aja. Ndiye kuti Lisa ankadziwa zonse. Anaona chofiira changa, anadziwa kuti chikafika kwa abwana ntchito yake yongoyesedwayo yatha, ndipo awiriwo anachifufuta ali pabedi limodzi. Si banja langa limene ndinkateteza ndi manyazi onse aja. Ndinkateteza chibwenzi cha mwamuna wanga.

"Bweretsani mwanayo," ndinatero. A Mervis anandiyang'ana kumaso n'kukana kundipatsa.

6

Amayi ndinawapeza akusola nandolo. Ndinawaonetsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika lichero pansi.

"Zimitsa chimenecho."

"Amayi, mwaona?"

"Ndaona. Mwamunayo tithana naye, amalume ako a Kalinde abwera. Koma chithunzichi chisatuluke pakhomo pano. Ndi mng'ono wako, Tikhala. Adzakwatiwa ndi ndani dziko likaona zimenezi?"

"Nanga ine? Dzina langa?"

"Iwe ndi wamkulu, upirira. Anthu amaiwala."

Iii, mawu amenewo anandilasa kuposa chithunzi. Aliyense pakhomo pano anali atagwirizana kuti msana wa Tikhala ndiwo wosenzera.

A Kalinde, amene ndi ankhoswe anga, anafika dzuwa lisanalowe. Milton atatsika kabaza ndi kajumbo ka chipisi anapeza mipando itayalidwa pabwalo. Ndinamupatsa foni.

Anayang'ana, nkhope inagwa. Kenaka anayesa kuseka.

"Aaa, ankolo, izi ndi zachilamu chabe. Tinkangocheza titatopa ndi ntchito."

"Chilamu chovula malaya?" a Kalinde anafunsa. "Ifenso tili nawo alamu, bambo. Timaseka nawo pabwalo, anthu akuona."

"A Milton," ndinatero, "za bedizo zisiyeni kaye, mukayankha kwa Mulungu wanu. Ine ndikufuna mundiyankhe chimodzi. Tsiku lija munagwada apa, mwana ali kubere, n'kunena kuti tichitire banja lathu. Munkanena banja liti?"

Anangondibwezera foni.

"Munandiona ndikukumbatira Lisa ku ofesi, ndikumupepesa ine. Munamva bwanji? Munkabwera ndi yogati kudzandidyetsa kuti ndikhale chete bwino?"

"Tikha, chonde. Chithunzicho ndichifufuta, tiyambirenso. Ukachionetsa kwa abwana, ine ndi Lisa tathera pomwepo. Nawenso akufunsa za kiyi."

"Andifunse. Ndiyankha."

A Kalinde anaimirira n'kuloza njira ndi chipewa chawo.

"Bambo, munabwera pamudzi pano ndi chikwama. Nyumbayi ndi ya mwanayu ndi mayi ake. Tengani chikwama chanucho, ankhoswe anu tikumana nawo."

Milton anatuluka anthu akuweruka kumadimba, onse akuona. Kajumbo ka chipisi kanatsala pampando mpaka agalu anakapeza.

Lisa anandiimbira foni kambirimbiri. Ndinayankha kamodzi.

"Achemwali, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Alamu anati inu sangakuchotseni, amakukondani."

"Ukadali kuwatchula alamu?" ndinafunsa, n'kudula.

7

M'mawa mwake ndinabereka Blessings n'kukwera minibasi yoyamba, ndisanapatse munthu mpata wofufuta kanthu. Amayi anaima pakhomo osandilawira. Pamsewu ndinapeza a Mervis atasiya tomato wawo ndi mnansi.

"Ndikuperekezani," anatero. "Ndinaona nawo."

Ndinapempha a Ishmael kuti tikhale atatu, chitseko chitsekedwe. Sindinafune sikirini ya pakhoma ayi. Ngakhale anandichita zotere, Lisa ndinamubereka kumsana ali mwana.

"Bwana, kiyi wanga ndinapatsa mwamuna wanga. Pamenepo ndinalakwa, mundilange. Koma tsegulani chobiriwira icho, cha batani lotumizira."

"Chobiriwira? Muli chiyani m'chobiriwira?"

"Tsegulani, bwana."

Anatsegula. Pa intaneti ya ku ofesi chinabwera kamodzi n'kamodzi. Anayang'ana, anatembenuza nkhope, n'kutseka laputopu mofulumira.

"Chakhala pamenepa nthawi yonseyi? A bungwe akanatha kuchiona?"

"Aliyense akanatha, bwana. Kungoti palibe amatsegula."

Kenaka anati, "Mayi, munakhaliranji chete tsiku lija?"

"Ndinkati ndili pabanja."

Milton ndi Lisa anachotsedwa sabata yomweyo. Ine anandipatsa chenjezo chifukwa cha kiyi, n'kundibwezera laputopu. A Ishmael anapita okha kwa a bungwe kukafotokoza, ndipo a bungwe anavomera kutsegulanso tsamba kwa ana a kumidzi okhaokha, ngakhale malo anali ochepa. Gawo lolakwika lija linakonzedwa. Ndinaliyesa pachulu pomwe paja, netiweki ili pa kadontho kamodzi, ndipo zotsatira ndinapita nazo ndekha ku boma kukazitumiza ndi dzanja langa.

Yunis tinakamutenga ku Bangwe. Analemba pempho lake pa foni yanga, mayi ake ataima pambali. Tsamba litanena kuti lalandiridwa, a Mervis anapukusa mutu.

"Zimenezo tinaziwerenga kale. Tsegulani mkatimo."

Ndinaimbira a ku bungwe, ndipo anatiwerengera dzina lake lonse pa foni. Panopa ali kusukulu. Koma ana ena angapo sanabwerere, wina anakwatiwa, wina anapita ku Joni. Amenewo ndimawaganiza tsiku ndi tsiku.

Abale anga owerenga, anthu amandifunsa ngati chimandipweteka kwambiri ndi chithunzi chija. Ayi. Amuna osakhulupirika alipo ambiri, ine si woyamba ndipo sindidzakhala womaliza. Chimene chimandidzutsa m'mawa mtima ukuwawa ndi chakuti anthu awiri amene ndinawadyetsa ndi dzanja langa anandiyang'ana ndikunyozedwa mudzi wonse, khanda lili kumsana, n'kuona kuti zili bwino choncho. Akanandibera mwamuna yekha, mwina bwenzi pano ndikuyesa kukhululuka. Koma anatenga dzina langa n'kufundira. Mpaka lero amayi amandiyankha mwachidule, amati ndinaononga mwana wawo. Lisa sanapondenso pakhomo pano. Ndimamusowa, ndipo ndimadzida chifukwa chomusowa.

Ndiye inu amene zonse za m'nyumba mwanu zikuoneka zobiriwira, sindikuti muyambe kukayikira aliyense. Ndikungokuuzani zimene ndimachita ine masiku ano: ndimatsegula chilichonse, ndipo kiyi wanga sindipatsa munthu, ngakhale atagwada.

Lamulungu lapitali ndinalowa m'tchalitchi mochedwa, Blessings akuvuta. Ndinalunjika kubenchi langa lakumbuyo lija, lopanda anthu. Ndisanakhale, ndinamva mawu kuchokera pakati pa azimayi, okweza moti ngakhale abusa anadzutsa mutu.

"A Tikhala! Bwerani kuno, malo alipo."

Anali a Mervis, akusuntha kuti ndikwane. Panali patapita miyezi ndisanamve munthu akunditchula dzina langa pagulu. Ndinakhala pansi, ndinaika mwana kubere, ndipo misozi imene inakana kutuluka pachulu paja inatuluka pamenepo.